Pulogalamu ikakana kompyuta yake yomwe: kumene nambala ya makina imasokonekera

Amene mumalemba mapulogalamu ogulitsira m'mashopu a zipangizo zaulimi, kapena olembera matumba a soya ndi mtedza m'makopaletivi kuno ku Mchinji, foni iyi mukuidziwa. Imalira m'mamawa nyengo yogula mbewu, alimi atafika kale ndi ngolo pa sikelo. Pulogalamu yakana kutseguka, ikuti kompyutayi si imene inalipiridwa laisensi, ndipo mwini shopu akulumbira kuti palibe amene wakhudza kanthu. Tsiku lina vuto limatembenuka: makompyuta atatu, ina ku Kamwendo, ina ku Kapiri, ina pa Boma, onse akuonekera pa seva ngati makina amodzi, malonda a nthambi zitatu alowa m'buku limodzi. Palinso kena kooneka kakang'ono, lipoti likunena Windows 10 pomwe aliyense akuona ndi maso kuti ndi Windows 11.

Zambiri mwa izi zimachokera pa ganizo loti kompyuta ili ndi nambala imodzi yobadwa nayo, ndipo ntchito yathu n'kungofufuza kumene inabisidwa. Ilibe. Manambala alipo angapo, ndipo nambala iliyonse ili ndi mwini wake: ina ndi ya bodi, ina ya disiki, ina ya khadi la netiweki, ina ya Windows imene inaikidwa tsiku lakutilakuti. Iliyonse imasintha pa chifukwa chakechake. Choncho musanalembe code, yambani mwadzifunsa kuti chichitike n'chiyani kuti munene kuti iyi tsopano ndi kompyuta ina. Wakabaza amasintha matayala, tcheni ndi chishalo chaka ndi chaka, njinga n'kukhalabe yomweyo. Akasintha felemu m'pamene anthu amati wagula ina. Pulogalamu yambiri imene imavuta ndi imene inalemba nambala ya tayala.

## Lipoti likuti Windows 10, makina ali ndi Windows 11

Tiyambe ndi chopepukacho. Microsoft itatulutsa Windows 11 mu Okutobala 2021, sinasinthe nambala yaikulu yam'kati. Windows 10 ndi 10.0, Windows 11 nayonso ndi 10.0. Chosiyanitsa ndi nambala yachitatu, ya build: pa makompyuta wamba, kuyambira 22000 kupita m'mwamba ndi Windows 11. Windows 10 yomaliza, ya 22H2, inathera pa 19045. Windows 11 ya 22H2 ndi 22621, ya 23H2 ndi 22631, ya 24H2 ndi 26100. Pulogalamu yongoyang'ana manambala awiri oyambawo siingaone kusiyana.

Ambiri akaona zimenezi amathawira ku registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, kukawerenga ProductName pa `HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion`. Kumenekonso mukapeza palembedwa Windows 10 Pro pa makina a Windows 11. Pamalo omwewo tengani CurrentBuildNumber, ndiponso DisplayVersion ngati mukufuna dzina longa 23H2. ReleaseId isiyeni, inaima pa 2009 ndipo sinasunthenso. Mukafuna dzina loti munthu awerenge pa lipoti, funsani WMI, mbali ya Windows yoyankha mafunso okhudza makina, kudzera mu PowerShell, pulogalamu yolembamo ma command:

`Get-CimInstance Win32_OperatingSystem | Select-Object Caption, Version, OSArchitecture, ProductType`

Caption imanena dzina lenileni. ProductType ndaiikapo dala: Windows Server 2025 nayonso ili ndi build 26100, ndiye mukangodalira build mudzatcha seva ya mu ofesi kuti Windows 11. ProductType ikakhala 1 ndi kompyuta wamba, 2 kapena 3 ndi seva. Pa Python, `platform.release()` ya ma Python akale imabweza 10 pa Windows 11, koma `platform.version()` imapereka zonga 10.0.22631, ndipo chimene mukufuna ndi nambala ya kumapetoyo. Java yakale nayo imachita chimodzimodzi pa os.name.

Pali bodza lina lakale kuposa pamenepa, limene limagwira mapulogalamu a Delphi, VB6, C ndi .NET Framework. Kuyambira Windows 8.1, mu 2013, GetVersionEx, njira yakale yofunsira version ya Windows, imauza pulogalamu kuti makina ndi 6.2, kutanthauza Windows 8, pokhapokha ngati pulogalamuyo yanena mu manifest yake, kafayilo kofotokoza za pulogalamuyo, kuti ikudziwa za ma Windows atsopano. Mukaona 6.2 pa kompyuta imene mukudziwa kuti sinaonepo Windows 8, chifukwa chake n'chimenecho. Onjezani mzere wa supportedOS mu manifest wokhala ndi nambala iyi, imene imagwira pa Windows 10 ndi 11 pomwe: 8e0f7a12-bfb3-4fe8-b9a5-48fd50a15a9a. Njira ina n'kuitana RtlGetVersion ya mu ntdll, imene siiyang'ana manifest; .NET 5 ndi zotsatira zake zimachita kale zimenezi. Ngati zonse zili bwino koma nambala ikuonekabe yachilendo, onani pa Properties ya pulogalamuyo ngati wina sanachonge Compatibility mode. Okonza makompyuta ena amaichonga pofuna kuti pulinta yakale igwire, n'kuiwala kuichotsa.

Maganizo anga ndi oti version ya Windows izigwira ntchito pa lipoti basi, osati potseka kapena kutsegula pulogalamu. Pa lipoti ndi yofunikadi, pakuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo bungwe liyenera kudziwa makina amene atsalira. Koma ngati code yanu ikufuna chinthu china chake cha mu Windows, yesani ngati chinthucho chilipo m'malo mofunsa version.

Amene pulogalamu yanu imayenda mu browser, dziwani kuti User-Agent, mawu amene browser imadzitchulira nawo kwa seva, inaumitsidwa pa Windows NT 10.0 ngakhale pa Windows 11. Chrome ndi Edge amanena zoona kudzera mu Client Hints, pomwe platformVersion ya 13 kapena kuposa ndi Windows 11. Firefox ndi Safari alibe njira imeneyi, ndiye lembani kuti sizikudziwika, osalosera.

Za 32-bit ndi 64-bit n'zachidule. Pulogalamu ya 32-bit ikamayenda pa Windows ya 64-bit imaona PROCESSOR_ARCHITECTURE ili x86. Yankho lenileni limakhala mu PROCESSOR_ARCHITEW6432. Nayonso `platform.architecture()` imanena za Python imene mukugwiritsa ntchitoyo, osati za makina. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso pa nkhani ya registry.

## Laisensi yatsekeka pomwe palibe chasintha

Mukamva zimenezi, choyamba kukayikira ndi adilesi ya MAC. Ndi imene ambiri timayamba nayo chifukwa n'njosavuta kupeza, `uuid.getnode()` mzere umodzi basi. Koma MAC ndi ya khadi la netiweki, ndipo laputopu imodzi ili ndi makhadi angapo: la waya, la Wi-Fi, la Bluetooth, kuwonjezera ena ongopeka amene VPN kapena VirtualBox imapanga. Kumadera ngati Mkanda kapena Kapiri, kumene shopu ilibe waya wa intaneti, wogulitsa amalumikiza foni yake pa USB kuti atumize malonda a tsikulo. Foniyo imabadwitsa khadi latsopano ndi MAC yake. Bandulo ikatha amabwereka MiFi kapena dongle ya mnzake, lina labadwanso. Pulogalamu imene imangotenga khadi loyamba pa mndandanda ipeza nambala ina lero, ina mawa. Mwini shopu sakunama akamati sanasinthe kanthu. Kwa iye kulumikiza foni si kusintha kompyuta.

Chinanso, Windows 10 ndi 11 zili ndi batani la Random hardware addresses pa Wi-Fi, limene likayatsidwa limapereka MAC yongopeka. Mungaizindikire poyang'ana chilembo chachiwiri cha adilesiyo: chikakhala 2, 6, A kapena E, sinachokere ku fakitale. Ndipo Python ikalephera kupeza khadi lililonse, `uuid.getnode()` siidandaula ayi, imangopeka nambala ya ma bit 48 n'kukupatsani mwakachetechete. Pulogalamu ikatsegulidwanso, yapeka ina.

Kuti mutsimikize, muuzeni wa pa shopuyo alembe `getmac /v` pa Command Prompt foni ili yolumikiza, kenako aichotse alembenso, akutumizireni zithunzi ziwirizo pa WhatsApp. Mukaona mndandanda wasintha, mlandu watha. Kukonza kwake n'kuichotseratu MAC pa mawerengedwe a laisensi. Ena amayesa kuipulumutsa posefa makhadi ongopekawo, koma ine sindiona phindu lake, pakuti khadi la Wi-Fi likafa n'kuikapo ka USB, mwabwereranso pomwepo.

Wachiwiri kukayikira ndi disiki. Nambala imene mumaona mukalemba `vol C:` si ya disiki yeniyeniyo. Imapangidwa pofomata, ndipo mukafomatanso imasintha. Nambala ya chitsulo chenichenicho ili mu Win32_DiskDrive, koma pamenepo fulashi iliyonse yolumikizidwa imawerengedwanso ngati disiki, ndipo palibe lonjezo loti yanu ikhala yoyamba pa mndandanda. Funsani disiki imene panakhala Windows:

`Get-Partition -DriveLetter C | Get-Disk | Select-Object SerialNumber`

Yankho likabwera, dulani mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto musanalisunge, chifukwa madisiki ena amabweza nambala yokhala ndi mipata. Kumbukiraninso kuti masiku ano aliyense akuchotsa hadi disiki yakale kuikapo SSD, ndiye nambala imeneyi payokha siingakhale felemu.

## Makompyuta osiyana, nambala imodzi

Ili ndiye loopsa, chifukwa silipanga phokoso. Laisensi yotsekeka mumaimva tsiku lomwelo, koma nthambi ziwiri zolembera pa nambala imodzi mumazizindikira pakutha pa mwezi, akaunti atakana kugwirizana.

Makompyuta ambiri m'maofesi ndi m'mashopu mwathu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ogulidwa angapo nthawi imodzi ku Lilongwe. Wogulitsa kapena wokonza saika Windows pa iliyonse payokha. Amakonza imodzi, kuikamo Office ndi madalaivala, n'kukopera disiki yonseyo m'makina ena onse. N'zanzeru, zimapulumutsa tsiku lathunthu. Koma MachineGuid, nambala imene Windows imadzipangira poikidwa ndi kuisunga pa `HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Cryptography`, imakopedwanso limodzi ndi zina zonse, pamodzi ndi dzina la kompyuta ndi nambala ya `vol C:` ija. Makina khumi, MachineGuid imodzi. Ndipo ngati pulogalamu yanu inali itaikidwa kale pa kompyuta yoyambayo, fayilo yanu ya laisensi nayonso yagawidwa kwa onse.

Microsoft inapereka chida cha ntchito imeneyi, sysprep, chimene chimafufuta zozindikiritsa makina disiki isanakopedwe:

`C:\Windows\System32\Sysprep\sysprep.exe /generalize /oobe /shutdown`

Ngati wokonza makompyuta wa bungwelo mumadziwana naye, khalani naye pansi mumusonyeze zimenezi. Koma simungayende msika wonse kuphunzitsa aliyense, ndiye pulogalamu yanu iyembekezere kuti MachineGuid ikhoza kufanana. Ikhozanso kusintha pa makina omwewo, pakuti kuika Windows mwatsopano kumabala ina. Ndi nambala ya Windows imene ili m'katimo, si ya chitsulo.

Msampha wa 32-bit uja ndi uwu. Pulogalamu ya 32-bit ikapempha `HKLM\SOFTWARE` pa Windows ya 64-bit, imapatutsidwira ku WOW6432Node osauzidwa, ndipo kumeneko MachineGuid kulibe. Inu mukayang'ana pa regedit mukuiona, pulogalamu ikuti palibe, mpaka kuyamba kukayikira maso anu. Potsegula registry onjezani KEY_WOW64_64KEY, pa .NET ndi RegistryView.Registry64, pa Command Prompt ndi motere:

`reg query HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Cryptography /v MachineGuid /reg:64`

Chofanana kwambiri ndi felemu ndi manambala a bodi, amene fakitale imalemba mu BIOS, pulogalamu yokhala m'bodi momwemo, motsatira muyezo wa SMBIOS. Awa safufutika pofomata ndipo sakopedwa ndi disiki:

`Get-CimInstance Win32_ComputerSystemProduct | Select-Object Vendor, Name, UUID, IdentifyingNumber`

`Get-CimInstance Win32_BIOS | Select-Object SerialNumber`

Pa makina a m'maofesi a Dell, HP ndi Lenovo kawirikawiri mupeza nambala yomwe ili pa sitika kunsi kwa makinawo. Ya Dell ndi Service Tag ya zilembo 7. Vuto lili pa makompyuta omangidwa ndi zidutswa zogula padera, ndi timalaputopu ndi timakina totchipa topanda dzina lodziwika. Opanga bodi amasiya malo amenewa kuti womanga kompyuta adzalembepo, iye n'kusalemba. Mukafunsa serial mumalandira mawu akuti To be filled by O.E.M., kapena Default string, kapena System Serial Number. UUID, nambala yaitali imene imayenera kusafanana ndi ina iliyonse, imabwera ya ma F okhaokha, ya ziro okhaokha, kapena iyi yotchuka: 03000200-0400-0500-0006-000700080009. Pulogalamu imene siiyang'ana imalandira mawu amenewa ngati nambala yeniyeni, ndipo makina onse otere amasanduka amodzi. Sungani mndandanda wa mayankho achabewa mu code, ndipo chilichonse chopezeka pamenepo muzichiwerenga ngati mulibe yankho. Muuonjezere mukakumana ndi achilendo.

Bodi ikapsa ndi mphenzi kapena magetsi obwera mwamphamvu, zimene si zachilendo nyengo ya dzinja, wokonza amaikamo bodi yochotsa m'makina ena akufa. Nambala za BIOS zimakhala za makina akufawo, zosiyana ndi sitika. Apa pulogalamu ikanena kuti ndi kompyuta ina sikulakwa, koma mwini wake akuona chikwama chomwecho, disiki yomweyo ndi mabuku ake omwewo, ndiye pafunika njira yachangu yomusamutsira laisensi.

ProcessorId ya mu Win32_Processor musataye nayo nthawi. Dzina lake limanyenga: si serial, ndi chizindikiro cha mtundu wa purosesa ndi zimene imatha kuchita, ndiye ma Core i5 onse a mtundu umodzi amabweza zofanana. Intel inayesapo kuika serial yeniyeni pa Pentium III mu 1999, anthu anadandaula kuti azilondoledwa nayo, ndipo inachotsedwa pa mapurosesa otsatira.

## Zinayamba titangogula laputopu yatsopano

Mapulogalamu ambiri olembedwa zaka zapitazo amaitana `wmic csproduct get uuid` n'kuwerenga zimene zatuluka. Microsoft inalengeza pa Windows 10 ya 21H1 kuti wmic ikupita kotha, ndipo Windows 11 ya 24H2 yoikidwa mwatsopano imabwera yopanda chidachi. WMI yeniyeniyo ikadalipo, chimene chachoka ndi command yokhayo. Sinthani n'kuyamba kugwiritsa ntchito Get-CimInstance, kapena itanani WMI mwachindunji kuchokera mu chilankhulo chanu.

Kusowa kwa wmic pakokha si nkhani yaikulu. Choopsa ndi zimene code imachita ikalephera. Ambiri timakulunga zonse mu try, mbali ya code yogwira zolakwika, cholakwika chikachitika timabweza mawu opanda kanthu, kenako n'kuwapanga hash, nambala yowerengedwa kuchokera pa mawuwo imene imaimira iwowo. Hash ya chinthu chopanda kanthu imaoneka bwinobwino ngati nambala ina iliyonse, ndipo ndi yofanana pa makina onse padziko lapansi. Tsegulani database yanu lero mufufuze nambala yoyamba ndi e3b0c442, imene ndi SHA-256 ya mawu opanda kanthu, kapena d41d8cd9 ngati mumagwiritsa ntchito MD5. Mukaipeza, makina onse okhala ndi nambala imeneyo sanawerengedwe n'komwe. Kulephera kuwerenga kuzilembedwa ngati kulephera, ndi uthenga wake wonse mu fayilo ya log.

PowerShell imachedwa kudzuka pa makina a hadi disiki yakale ndi RAM ya 4 GB. Werengani manambalawa kamodzi pulogalamu ikamatseguka, osati pa risiti iliyonse, ndipo ikani malire a nthawi yodikira. Poitana gwiritsani ntchito CREATE_NO_WINDOW kuti kawindo kakuda kasamathwanime, pakuti wogulitsa akakaona amaganiza kuti ndi vairasi n'kuitana wofomata.

## Linux ndi Raspberry Pi

Dzina la Linux lili mu fayilo ya `/etc/os-release`, pa mizere ya ID, VERSION_ID ndi PRETTY_NAME. `uname -r` imanena za kernel yokha, mtima wa Linux. Code yakale yoitana `platform.linux_distribution()` imagwa kuyambira Python 3.8 chifukwa inachotsedwa, kuyambira 3.10 pali `platform.freedesktop_os_release()`. M'kati mwa Docker, chida choyendetsera pulogalamu m'bokosi lakelake, os-release imanena za image ya bokosilo, pomwe kernel ndi ya makina enieniwo, ndiye musadabwe kuona Alpine pa seva ya Ubuntu.

Manambala a bodi ali mu `/sys/class/dmi/id`. Dzina la makina ndi la kampani aliyense angawerenge, koma product_uuid ndi product_serial amawerenga root yekha, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse, ndipo dmidecode nayo imafuna root. Apa m'pamene ambiri amagwera: poyesa anali ndi sudo zonse zinayenda, pulogalamu itayamba kuyenda ngati munthu wamba ikulandira Permission denied, try ija n'kumeza. Werengani nambalayi nthawi yoika pulogalamu, pamene muli ndi root, musunge hash yake. Ngati makina omwewo ali ndi Windows ndi Linux, sandutsani zilembo zonse zikhale zazing'ono musanayerekeze, chifukwa Windows imalemba UUID m'zilembo zazikulu.

`/etc/machine-id` ndi mnzake wa MachineGuid, zilembo 32, ndipo nthenda yake ndi yomweyo: imakopedwa ndi disiki. Musanakope disiki, fayiloyi isiyeni yopanda kanthu, ndipo onaninso `/var/lib/dbus/machine-id`, chifukwa ikakhala fayilo payokha systemd ikhoza kutenganso nambala yakale kuchokera mmenemo. Raspberry Pi, imene mabungwe ena amaika m'masukulu ngati seva ya mabuku, ilibe DMI, manambala a bodi aja. Mtundu wake uli mu `/proc/device-tree/model`, ndipo serial ili pa mzere wa Serial mu `/proc/cpuinfo`. Popeza makhadi a SD a ma Pi amakopedwa pafupifupi nthawi zonse, serial imeneyi ndi yodalirika kuposa machine-id.

## Mafoni a alangizi

Pa Android zitseko zambiri zinatsekedwa dala. Mtundu wa foni ndi version palibe vuto, Build.MANUFACTURER, Build.MODEL ndi Build.VERSION.SDK_INT zimayankha popanda chilolezo. Koma kuyambira Android 6.0, pulogalamu yofunsa MAC ya Wi-Fi imalandira 02:00:00:00:00:00, ndipo kuyambira Android 10, ya 2019, IMEI ndi serial sizipatsidwanso kwa mapulogalamu wamba. Mukaumirira mulandira SecurityException kapena yankho lopanda kanthu.

Chotsala ndi ANDROID_ID, ndipo kuyambira Android 8.0 nambalayi imadalira foni, wogwiritsa ntchito, ndi kiyi amene munasainira pulogalamu. Mbali ya kiyiyi imapweteka kuno, kumene APK, fayilo yoikira pulogalamu pa Android, imayenda pa WhatsApp ndi Bluetooth kuposa pa Play Store. Mlangizi wina ali ndi APK imene munasaina ndi kiyi wa debug, kenako waichotsa n'kuika ya pa Play Store yosainidwa ndi kiyi wina: foni yomweyo, nambala ina. Foni ikafulashidwa kapena kubwezeredwa ngati yatsopano, nambala imasinthanso. Pa mafoni n'kwabwino kumangirira zonse pa akaunti ya mlangiziyo, foni n'kungolembedwa ngati chida chimene akugwiritsa ntchito pakali pano.

## Mmene ndimaikonzera

Pulogalamu ikaikidwa koyamba, ipange UUID yakeyake n'kuisunga mu ProgramData, osati mu AppData, pakuti AppData ndi ya munthu mmodzi ndipo wogulitsa wina akalowa ndi akaunti yake saipeza. Nambala imeneyi ndi imene izidinda malonda onse opita ku seva. Payokha siiteteza ku kukopa disiki, ndiye pambali pake sungani manambala anayi: UUID ya bodi, serial ya BIOS, serial ya disiki ya Windows, ndi MachineGuid. Iliyonse ikhale ndi hash yake payokha. Mukaziphatikiza kukhala hash imodzi, kusintha kwa chimodzi kumagwetsa zonse, ndipo simudziwanso chimene chasintha.

Poyerekeza, tayani kaye mayankho achabe aja, kenako yang'anani zotsalazo. Bodi ikagwirizana koma disiki ndi MachineGuid zasintha, munthuyo waika SSD kapena wafomata. Muloleni apitirize, pulogalamu ilembe manambala atsopanowo. MachineGuid ndi UUID yanu ija zikagwirizana koma bodi ndi disiki zonse n'zachilendo, disiki yakopedwa. Pulogalamu ipange UUID ina nthawi yomweyo, isanatumize malonda aliwonse, ipemphe kulembetsedwa ngati makina atsopano. Bodi yokha ikasintha, disiki n'kukhala yomweyo, mwina ndi yopsa ija, mwina disiki yasamutsidwira m'makina ena. M'njira zonse ziwiri kompyuta yogwira ntchito ikadali imodzi. Makina amene bodi yake ilibe nambala adalire disiki ndi MachineGuid, ndipo muwaike chizindikiro pa seva kuti muziwadziwa.

Pa funso loti pulogalamu itseke kapena ayi ikakayikira, ine ndimati isatseke tsiku lomwelo. Ionetse chenjezo, ipatse munthu masabata awiri, ipitirize kugulitsa. Wokopa pulogalamu mwakuba mudzamugwirabe masikuwo akatha, pomwe kutsekera kopaletivi yolipira bwino pakati pa nyengo yogula soya kungakutayitseni makasitomala a dera lonselo, chifukwa mbiri yotere imayenda msanga pa msika. Ma serial enieniwo asamachoke pa makinawo; ku seva kuzipita hash yosakaniza ndi mawu achinsinsi a pulogalamu yanu. Nambala ya laputopu kapena foni ikalumikizidwa ndi dzina la munthu imasanduka uthenga wokhudza munthuyo, ndipo Malawi tsopano ili ndi lamulo la zimenezi, Data Protection Act ya 2024.

Pomaliza ikani tsamba limodzi mu pulogalamu, lotseguka ngakhale laisensi itatsekeka, losonyeza Caption ya Windows, build, mtundu wa makina, ndi mizere inayi ija, uliwonse ndi mawu akuti wagwirizana, wasintha, kapena sunawerengeke. Pansi pake pakhale nambala yaifupi yoti munthu akuwerengereni pa foni kapena kutumiza pa SMS, inu n'kumubwezera ina yotsegulira, popanda intaneti. M'nambala imeneyo musaikemo 0, O, 1, I ndi L, zimene zimasokoneza poziwerenga, ndipo muigawe zilembo zinayizinayi kuti wa ku Mkanda athe kuitchula netiweki ikudukaduka.